Malasha a ku Karonga mu uvuni wa buledi, zingatheke?

NyaChitipa:
Abale ndigawireniko nzeru. Ndili ndi kabekale kuno ku Chitipa boma ndiye nkhuni zakwera mtengo moti phindu lonse likuthera komweko, pano kwabwera anyamata ena akuti atha kumandibweretsera malasha m'matumba, akuti amakumba okha chaku Karonga uko. Kodi malasha angaphike buledi osanunkha? Nanga pa rodibuloko sangandigwire nawo?

Mdala wa pa Chiweta:
Mayi, ine ndinagwirapo ntchito pa mgodi wina kuno ku Rumphi ndiye mundimvere. Malasha sayaka ngati makala ayi, mumayamba mwakoleza moto wa nkhuni kenaka nkumathira pang'onopang'ono, ndipo amafuna akhale pa zitsulo kuti mpweya uzilowera pansi phulusa lizigwa. Ngati uvuni wanu ndi uja mumasonkha moto mkati momwemo nkupalira makala pambali kenaka kulowetsa mathileyi, iwalani, utsi wake uli ndi salufa buledi adzanunkha ndipo anthu adzakuthawani. Pamafunika moto uziyaka kwaokha, utsi uzitulukira pa chumuni osakhudza buledi.

China, anyamatawo amakumba apamwamba omwe anavumbwa mvula kalekale, komanso amasakaniza ndi mwala wina wakuda womwe suyaka. Tengani chibuma chimodzi m'manja, malasha enieni amapepuka, amang'anima ndipo mukamenya amaswekera tizidutswa, mwalawo umalemera uli mbuu ndipo umasendeka ngati mapepala. Musalipire musanakhuthule thumba lonse pansi.

Dalaiva Mwakasungu:
Vuto lina ndi dizilo asisi. Zimatiwawa ife akuno, mathanki akuchokera ku Dar es Salaam akulowa pa Songwe tikuwaona ndi maso akutsika M1 yonse kupita ku Mzuzu ndi ku Lilongwe ife tili pa mzere pa filing'i sitesheni, mapeto ake ukagule wa m'zigubu kwa mavenda mtengo wowirikiza mwinanso wosakaniza ndi palafini. Karonga ndi Chitipa ndi makilomita pafupifupi 100 ndipo ndi chikwezeka, thiraki yolema imamwa zedi. Mgodi ngati wa Mchenga umagulitsa ku mafakitale akuluakulu pa matani, inu wa matumba ochepa thiransipoti yokha ikupwetekani pokhapokha mugwirizane ndi anzanu amabekale mudzadzitse galimoto imodzi.

Mlongo wanu wa ku Karonga:
Ine nkhawa yanga ili pa anawo. Amalowa m'maenje opanda mitengo yochirikiza, alibe chipewa alibe jombo, nthawi ya dzinja dothi likafewa limangogumuka anthu ali mkati. Pitani mukaone ku Mwabulambo komwe mgodi unatsekedwa mu 2015, maenje anangosiyidwa nkudzadza madzi pafupi ndi midzi ya anthu. Za apolisi, kukumba miyala kumafuna chiphaso cha boma, ndiye afunseni akuonetseni, ngati alibe katunduyo atha kulandidwa m'njira ndalama yanu nkupita. Ndipo chonde musadzayerekeze kuwotha malasha pa mbaula m'nyumba yotseka ngakhale kuzizire bwanji mu June, mpweya wake umapha munthu ali mtulo.

NyaChitipa:
Mwandithandiza kwambiri nonse. Achimwene a pa Chiweta, uvuni wanga ndi womwe mwanenawo wosonkhera mkati. Ndiitana mmisiri aone ngati angaonjezere malo a moto kumbuyo ndi chumuni, anyamatawo ndiwauza abwere ndi thumba limodzi kaye pamodzi ndi pepala lawo.