Mwambi wakuti "mwamuna ndi kabudula, amathera moyenda": agogo anga ankatanthauzanji?

Mdzukulu wa ku Chilipa:

Akuluakulu, ndithandizeni. Masiku ano mwambi uwu ndimaumva kwa amuna amene agwidwa ndi chibwenzi chamseri, kapena kwa alangizi akamauza mkazi kuti angopirira. Koma ine ndinayamba kuumva kwa agogo anga aakazi, ndipo ankaunena akamakamba za amuna awo, amene anali msilikali wa Keyala (King's African Rifles, gulu la asilikali achiafirika la boma la Angerezi). Sankaseka akamaunena. Ndikulemba mbiri ya kwathu kuti ana athu adzaipeze, ndiye sindikufuna kuwaika agogo mawu m'kamwa amene sanatanthauze.

Ndifotokoze kaye za munthuyo. Anali mlimi, mkamwini pamudzi pa agogo aakazi ku Chilipa, nthawi imene boma lathuli la Mangochi linkatchedwa Fort Johnston. Munda unali wa kuchikazi. Ankalima chimanga, mapira, mtedza ndi kachigawo ka thonje kopezera ya msonkho. Mu 1942, nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ili mkati, analembedwa usilikali n'kupita ku Zomba, kusiya mkazi ali ndi mwana kumsana, amene ndi amayi anga aakulu, ndipo alipo mpaka lero. Kuchoka ku Zomba anawatengera ku Kenya, kenako pa sitima ya pamadzi mpaka ku Ceylon, kumene lero timati Sri Lanka. Mu 1944 anali ku Burma m'gulu la 11th East African Division, limene linatsika chigwa cha Kabaw mvula ili pachimake, kupirikitsa Ajapani mpaka kukafika ku Kalewa pamtsinje wa Chindwin mu Disembala chaka chomwecho. Zimene ankakamba kwambiri si zipolopolo ayi. Ankakamba matope, malungo, ndi chakudya chimene ndege zinkachita kugwetsa chifukwa magalimoto ankatitimira.

Anabwera mu 1946 ndi bokosi lachitsulo, jasi ndi mamendulo. Imodzi ndili nayo ineyo. Ndi nyenyezi ya nsonga 6, kansalu kake n'kofiira pakati, m'mbali muli buluu ndi olenji, ndipo kumbuyo kwake n'kosalala, kulibe dzina ngakhale nambala. Inkasungidwa m'kachitini ka fodya pamodzi ndi mabatani awiri a jasi ija. Kabuku kawo ka usilikali kanadyedwa ndi chiswe.

Sanakhalitse. Njala ya 1949 itavuta anapita kukasuma kumapiri a ku Ntcheu, kubwera atasenza chimanga, kubwereranso. Njala itatha ananyamuka wa ku Salisbury, kumene lero timati Harare. Pobwera komaliza anali akudwala chifuwa, ndipo anamwalira dziko lisanalandire ufulu. Agogo aakazi ankati zaka zimene analima nawo limodzi n'zochepa poyerekeza ndi zimene analima okha. Akatero ankamaliza ndi mwambi uja.

Ndiye kodi ankawatamanda, ankawadandaula, kapena ankatiuza mochenjera kuti kunja kuja kunali akazi ena?

Mlimi wa ku Namwera:

Achemwali, ife tinakula tikumva kuti mwambiwu umati mwamuna asamangokhala khale pakhomo, azipita kukasaka zoti ana adye. Kwathu amawonjezera kuti "mkazi ndi chitenje, chimathera pakhomo." Za zibwenzizi anthu anangokhotetsa kuti adzikhululukire. Agogo anuwo ankayamikira. Munthu wopita kukasuma mpaka ku Ntcheu wapansi si wonyozeka.

Mphunzitsi wopuma, Malindi:

Mwanawe, funso lako ndi labwino, ndipo ndiyankha motalikirapo. Choyamba yang'ana chovalacho. Makolo athu akale ankavala nyanda ndi zikopa, ena nsalu zobwera ndi amalonda a kunyanja yaikulu. Kabudula anafala ndi ulamuliro wa azungu. Ankavala ndani? Msilikali, wapolisi, mesenjala wa kwa DC, mnyamata wa pamishoni, kapitawo wa pa esiteti. Anzathu olankhula Chiswahili amati kaptula, ndipo asilikali athu ankakhala nawo m'magulu amodzi. Choncho mwambi uwu, m'mawu amene tikuudziwiramu, sungakhale wamakedzana ngati "mutu umodzi susenza denga." Ndi wa nthawi imene amuna anayamba kuchotsedwa m'midzi mwaunyinji, ndi msonkho, ndi nkhondo, ndi Wenela, bungwe lolemba anthu ntchito ya m'migodi ya ku Joni.

Ndipo ife a ku Mangochi zinatigwera msanga. Pafupi ndi nsanja ya wotchi ija, ukamatsika pamlatho, pali mfuti yaikulu ya sitima ya Angerezi yotchedwa Guendolen, imene pa 13 Ogasiti 1914 inakaombera sitima ya Ajeremani yotchedwa Hermann von Wissmann kutsidya la nyanja. Kuyambira pamenepo Fort Johnston linali doko la nkhondo. Katundu ankafika pano n'kukwezedwa m'sitima kupita kumpoto, ndipo mu 1918 asilikali ankakwera phiri kudzera ku Namwera kulowa dziko la Apwitikizi, Mozambique ya lero, potsata Ajeremani. Katunduyo ankasenza ndani? Atengatenga, amuna ogwidwa m'midzi kudzera mwa mafumu. Anali ochuluka kwambiri kuposa asilikali enieniwo, ndipo ambiri anafa ndi kamwazi, chibayo ndi njala, osaonako ndi Mjeremani yemwe. Imeneyo, nkhondo yoyamba ya dziko lonse, ndiyo akulu ankati nkhondo ya Chiwaya. John Chilembwe analemba kalata mu 1914 yodandaula zomwezi, kuti anthu osauka akukafera nkhondo yosawakhudza n'kusiya amasiye. Manda a azungu ali m'tauni muno ndi miyala yolembedwa maina. A atengatenga ukawafune kuti? Bungwe loyang'anira manda a nkhondo la Commonwealth linavomera lokha mu 2021 kuti Aafirika ambiri sanakumbukiridwe mofanana ndi azungu.

Chachiwiri, mvetsera mawu akuti "amathera." Mwambi sunati mwamuna amakula moyenda, kapena amalemera moyenda. Kabudula akatha ndiye kuti wang'ambika, zigamba zakanika, watayidwa. Amene anapeka mwambiwu anaona amuna akuchoka ali anyamata amphamvu n'kubwera ali otheratu, kapena osabwera n'komwe. Ine ndikuti agogo ako ankalira. Ankati mphamvu za mwamuna wanga zinathera m'misewu ya eni, kuno kunabwera zotsala.

Mayi wa ku Mpondasi:

Aphunzitsi, mwalongosola bwino, koma mwaima pa mwamuna yekha. Nanga amene anatsala? Mayi ameneyu anagalauza yekha, kupalira yekha, kubandira yekha, mwana ali kumsana, dzinja ndi dzinja. Denga likadontha amakapempha alongo ake. Ine mwambi uwu sindiukonda, kaya unayamba bwanji. Nthawi zonse umanenedwa kwa mkazi kuti akhale chete. Amayi anga anauzidwa womwewu bambo atapita ku Joni pa Wenela, ndipo Wenela itaimitsidwa mu 1974, ndege yonyamula anthu a Wenela itagwa ku Francistown ku Botswana, anzawo anabwera koma iwo sanabwere, anatchona. Lero anyamata athu a kuno akungokhamukira ku Joni komweko, atsikana akutsala ndi ana, ndipo apongozi akuwauza mwambi womwewu. Agogo anuwo mwina ankangobwereza chimene anauzidwa ali mtsikana, chifukwa panalibe mawu ena ololedwa oti anenere mkwiyo wawo.

Wovina beni wa ku Makanjira:

Anganga anga aamuna nawonso anali ku Burma. Azungu ankakonda kulemba Ayao usilikali kuyambira kalekale, ndiye kuno nyumba zambiri zili ndi nkhani zotere. Beni amene timavinayu ndi perete wa asilikali, n'chifukwa chake pali wisulo, mayunifolomu, mamendulo ndi maudindo. Koma ndikonze pang'ono. Kabudula wa khaki anali wa kuno ndi ku Kenya. Ku Burma anawapatsa mathalauza aatali obiriwira chifukwa cha udzudzu ndi tchire. Anganga ankanena zimenezo kawirikawiri. Ndiye aphunzitsi musaumangirire mwambiwu pa Keyala pokha. Asodzi athu amene amakagona ku zilumba miyezi amaunenanso.

Mphunzitsi wopuma, Malindi:

Zoona achimwene, sindikuti unabadwira ku kampu ya asilikali ya Cobbe Barracks ku Zomba. Ndikuti ndi wa m'badwo wa amuna ovala kabudula wa ntchito ya wina. Ndipo mayi a ku Mpondasi sindikutsutsana nanu. Mwambi umodzi ukhoza kukhala maliro m'kamwa mwa wamasiye n'kukhala chibonga m'dzanja la apongozi.

Mnyamata wa ku Monkey Bay:

Anti, pa za mendulo ija, imeneyo ndi Burma Star. Musadabwe kuti ilibe dzina, Angerezi ankazipereka choncho pa nkhondo yachiwiri. Ngati mukufuna gulu lenileni limene agogo anali, yesani ku National Archives ku Zomba, komanso bungwe la asilikali opuma la VELOM. Chipilala cha Keyala chili ku Zomba chija maina ake ndi a nkhondo yoyamba makamaka, ndiye musadalire kuti mukawapeza pamenepo, pajatu iwo anabwera amoyo. Chimene chingathandize kwambiri ndi nambala yawo. Asilikali akale ankaitchula pamtima, ndipo nthawi zina ana awo amaikumbukira ngati ankaimva pafupipafupi. Afunseni amayi aakuluwo.

Mdzukulu wa ku Chilipa:

Zikomo nonse. Ndawaimbira amayi aakulu, ndawawerengera zonse mwalembazi. Nambala saikumbukira. Koma pa mwambiwu andiuza chinthu chimene sindinamvepo, ndipo chandisokoneza maganizo.

Akuti mawuwa sanayambe ndi agogo aakazi. Anayamba ndi amalume awo a agogowo, mwinimbumba. Poyamba makalata ankabwera, olembedwa m'Chinyanja ndi mnzawo wodziwa kulemba, ndipo ankawerengedwa ndi mphunzitsi wa pasukulu ya mishoni anthu atakhala pakhonde. Kandalama kankabweranso kudzera ku boma, agogo n'kumakatenga wapansi ndi akazi anzawo a asilikali, kugona panjira. Kenako, nthawi ya ku Burma ija, makalata anasiya. Chaka chinatha kuli zii. Achibale ena anayamba kunena kuti mkamwini uja wafa kapena watchona, munda ukugonera, mwana wamkaziyu akadali wamng'ono, alole mwamuna wina alowe. Munthu wake anali atapezeka kale. Nkhani inakambidwa pansi pa mtengo wa bwemba umene ulipobe pamudzipo. Agogo anafunsidwa, anangoweramitsa mutu osayankha. Ndiye amalume aja anati, "Mwamuna ndi kabudula, amathera moyenda. Ameneyu sanathawe, anatengedwa ndi boma tonse tikuona. Mpaka tione kalata ya maliro, nyumba iyi ili ndi mwini." Nkhani inathera pomwepo. Amayi aakulu anali kamwana, koma akuti agogo ankaifotokoza mobwerezabwereza, mpaka kutengera mawu a amalumewo.

Ndiye onani. Pamenepo mwambiwu unateteza banja la munthu amene sakanatha kudziyankhira, ali m'matope kutsidya la nyanja zikuluzikulu. Popanda mawu amenewo amayi anga ondibereka, amene anabadwa nkhondo itatha, sakanabadwa. Koma mayi a ku Mpondasi, mawu anu sakundichoka. Amene anagamula anali amalume. Agogo sanayankhe, ndipo palibe akudziwa chimene mtima wawo unkafuna tsiku limenelo. Anadikira, mwamuna anabwera, ndipo pasanathe zaka zambiri ananyamukanso, mwambi uli womwewo.

Ine pandekha ndatsamira kwa aphunzitsi. Agogo amene ndinawadziwa ine anali okalamba, mwamuna wawo atagona kumanda zaka zambiri, ndipo akamati "amathera" ankakoka mawuwo. Sankanena za akazi ena, zimenezo ndakana. Ankanena za munthu amene anamuona akuchoka wonenepa n'kumuona akubwera komaliza akutsokomola, osathanso kukweza khasu. Koma m'mbiri ndikulembayi ndiika zonse ziwiri, za amalume ndi za agogo, aliyense ndi nthawi yake, ndipo ndilembanso za minda imene agogo analima okha, mayina a mbewu ndi kumene kunali dimba, chifukwa mbali imeneyo ndinali nditaidumpha.

Mayi wa ku Mpondasi:

Mwachita bwino achemwali. Muwafunsenso amayi aakuluwo kuti pa njala ya 1949, bambo ali ku Ntcheu, ana ankadya chiyani ndipo ankawapezera ndani. Afunseni msanga akadali ndi mphamvu zolankhula.

Mdzukulu wa ku Chilipa:

Ndipita konko mwezi ukatha, ndikajambule mawu awo pafoni. Pakadali pano ndikupempha amene muli ndi agogo kapena mafumu achikulire, makamaka a kwa Nankumba, Chimwala ndi Katuli: kodi mwambiwu unkagwiritsidwa ntchito pabwalo poweruza nkhani za akazi a asilikali ndi a matchona, monga anachitira amalume aja, kapena zinangochitika kwathu kokha? Ndipo ngati unkagwiritsidwa ntchito, mkazi ankayenera kudikira zaka zingati asanamasulidwe?