Dzanja la amayi ndi juzi ya mlendo

Gulu: Mbumba ya ku Bembeke

Mzime: Mwaswera bwanji nonse. Musadzidzimuke, koma amayi apsa dzanja m'mawa uno. Amaphula poto wa phala pa mbaula, chogwirira chinapulumuka, phala n'kuwakhutukira kuseri kwa dzanja lamanja ndi zala ziwiri.

Chisamba: Mayo ine! Zachitika m'mawa, iwe ukutiuza dzuwa litapendeka?

Mzime: Amayi anandiletsa, achemwali. Akuti ndi kanthu kochepa, tisasokoneze anthu kuntchito.

Amayi aang'ono (Leeds): Jambula dzanjalo panja powala unditumizire. Ndiye choyeracho n'chiyani?

Mzime: Mankhwala otsukira mano. Anapaka ndi anzawo a pafupi apa.

Amalume: Akanaswerapo dzira laliwisi. Ife tinakula choncho, zipsera zilipo ngati?

Amayi aang'ono (Leeds): Achimwene, chipsera chanu cha pamwendo chija ndikuchidziwa ine, musandiyambe. Dzira ayi, mankhwala a mano ayi, mafuta ophikira ayi, phulusa ayi. Zimenezi zimalowetsa tizilombo pabala, ndipo anamwino amavutika kuzichotsa. Munthu akapsa, chofunika ndi madzi ozizira oyera, kumathira osalekeza kwa mphindi 20. Phala ndiye loipa kuposa madzi owira chifukwa limakakamira pakhungu n'kumapitiriza kuwotcha.

Mzime: Ndinathira madzi a mu ndowa, koma pang'ono chabe. Anati akuzizidwa.

Amayi aang'ono (Leeds): Unachita bwino. Pano tsuka pang'onopang'ono ndi madzi owiritsa amene azizira, osakhula. Matuza awiri ndikuwaonawo asaboole, khungu limenelo ndi limene likutchinga bala. Ngati avala mphete kapena chibangiri, avule dzanja lisanatupe. Phimba ndi nsalu yochapa yopanda ubweya, osaikapo thonje. Amwe Panado. Mawa m'mawa kuchipatala, chifukwa kupsa kwa pa dzanja ndi pa zala sitimakusamalira kunyumba tokha. Akafunsenso za jakisoni wa kafumbata.

Amayi (voisi): Ana inu, phokoso lonseli la chiyani? Dzanja lipola. Chikundiwawa ine ndi juzi ya mlendo wathu. Kutsogolo ndinamaliza, kumbuyo ndinamaliza, mkono umodzi uli pa singano, winawo sindinayambe. Chipewa ndi masokosi sindinakhudze n'komwe. Ndiye mwezi wa mawa si uwu wafika?

Achimwene (Johannesburg): Amayi, musadzivutitse. Kuno majuzi a ana ali mbwee m'mashopu. Ndigula seti yonse ndi shawelo yomwe, ndipatsira wina wokwera basi Loweruka.

Chisamba: Iwe, fufuta uthenga umenewo asanaumve kkkk

Amayi (voisi): Ndaumva kale, mng'ono wako wandiwerengera. Iweyo unatuluka m'chikuta utavala ya m'shopu? Nonsenu ndinakulukirani ndi manja angawa, ana a mkulu wakoyu chimodzimodzi. Uyu yekha alakwa chiyani?

Achimwene (Johannesburg): Pepani amayi. Ndimangoti ndithandize.

Mlamu: Amayi, pepani ndi ngoziyo. Ine ndidikira juzi yanu, ngakhale ifike mwana atabadwa kale. Koma shawelo yokha bambo akewa agule ndithu. Dedza mu July mukuidziwa, m'mawa madzi a mu beseni sagwirika.

Amayi (voisi): Ameneyo ndiye walankhula. Shawelo gula.

Chisamba: Nanga ndibwere Lachisanu ndidzatenge juziyo, mikono ndidzamalizire kuno ku Area 25? Kuluka munandiphunzitsa ndinu.

Amayi (voisi): Ndinakuphunzitsa, koma dzanja lako limamanga. Iwe umakoka ulusi, ine ndimausiya womasuka. Singano zomwezo, masitichi omwewo, koma mkono wako udzatuluka wothina ndi waufupi, wanga wotaya. Mwana adzaoneka ngati wavala majuzi awiri osiyana.

Amalume: Khanda limadziwa zimenezo? Bola latenthedwa.

Chisamba: Khanda silidziwa amalume, koma azimayi a kumpingo akabwera kudzaona mwana amatembenuza juzi n'kuona kuseri. Amayi akunena zoona, dzanja langa limathinitsa. Chipewa ndi masokosi ndiye ndingathe, poti siziyenderana ndi mkono wa wina.

Amayi aang'ono (Leeds): Akulu, ndimvereni bwino, musandikwiyire. Kupsa kwa matuza kotere kumatenga masabata 2 kapena 3 kuti kupole, ngati sikunalowe tizilombo. Nthawi imeneyi singano ayi. Ubweya wa ulusi umamatirira pabala, ndipo ulusi umadutsa pa chala chomwe chapsacho. Koma zala musazigoneke. Muzizipinda ndi kuziwongola pang'onopang'ono kangapo pa tsiku, apo ayi khungu latsopano lidzakokana, kuluka kudzavuta kuposa pano. Pogona dzanja likhale pa pilo, pamwamba.

Amayi (voisi): Masabata 3? Iwe ukufuna ndichite misala. Madzulo ndizitani ine?

Mzime: Muzindiphunzitsa ine. Inu pakamwa, ine manja.

Chisamba: Mnyamata amene samatha kusoka batani? kkkk

Mzime: Achemwali musandinyoze, ukonde wa golo ya timu yathu ndinaluka ndine.

Amayi (voisi): Aphunzire pa ulusi wotsala wakale uja, aluke kansalu kophulira poto. Tikanakhala nako si bwenzi tili pa nkhani imeneyi. Juzi ya mlendo asaiyandikire.

Amayi aang'ono (Leeds): Iwe mwana wanga, ntchito yako yeniyeni ndi iyi. Uziona balalo tsiku lililonse. Likayamba kufiira mozungulira, kutupa, kutuluka mafinya, kununkha, kapena thupi likatentha, musadikire tsiku lokamangitsa, thamangani kuchipatala. Ndipo kuchapa, kutsuka mbale, kusenda mbatatesi, zonsezo ndi zako.

Amalume: Apa ndiye zamveka. Tsopano ine monga mwini mbumba ndigamule. Aliyense wogwira ntchito atumize K10,000 kwa mzimeyu pa Airtel Money kapena Mpamba lero lomwe, ya njinga yamoto mawa ndi mabandeji ngati atawauza kukagula. Yotsala ndi ya ulusi.

Achimwene (Johannesburg): Ulusi ndigule kuno limodzi ndi shawelo? Ndi wachikasu eti?

Chisamba: Chikasu chilipo chamitundumitundu iwe. Mzime, jambula kapepala kokulunga mpira wa ulusiwo, mbali imene pali manambala. Pamakhala nambala ya mtundu ndi nambala ina ya gulu limene unanyikidwira limodzi. Ukagula wa gulu lina, m'shopu umaoneka wofanana, koma ukaluka n'kuuika padzuwa mzere umaonekera. Ndikafufuza mu tauni muno mawa, poti ndi kuno ndinawagulira woyamba uja.

Mzime: Kapepala amayi anayatsira mbaula.

Chisamba: Ha! Chabwino, dula kachidutswa ka ulusiwo usunge. Watsala wochuluka bwanji?

Amayi (voisi): Mpira umodzi ndi theka. Wa mikono ukwana, musaukhudze. Chipewa ndi masokosi uluke zoyera, zidzagwirizana ndi mabatani. Singano ugwiritse zazikuluko pang'ono kuposa zanga, mwina dzanja lakolo limasuke. Ndipo mutu wa khanda si lalanje, usathinitse m'mphepete.

Chisamba: Ndamva amayi. Lachisanu ndibwerabe, ndidzaone dzanjalo ndi maso anga, ndidzayezenso juziyo.

Mlamu: Mukatsika pa boma mundiimbire alamu, tidzapitire limodzi. Ndikawaphikire amayi masiku awiri.

Achimwene (Johannesburg): Iwe ndi mmene ulilimu, pa njinga yamoto?

Amayi (voisi): Ameneyo akhale pomwe alipo, pafupi ndi chipatala. Wodwala m'modzi watikwana.

Amalume: Yanga ndatumiza. Mzime waiona?

Mzime: Yafika amalume, zikomo. Tinyamuka 6 koloko kuti tikapeze mzere usanatalike. Amayi aang'ono, singano ndabisa pamwamba pa kabati monga munandiuzira kumbali kuja.

Amayi aang'ono (Leeds): Iwe! Zimenezo umalemba pagulu?

Amayi (voisi): Ndamva. Pa kabati ndimafikapo ndi dzanja lamanzere.