Ma poncho onyowa, wogula wabwezanso mabelo athu

wa_pa_geti
Anzanga thandizeni, mutu waima. Malo athu ndi a mathithi, mlendo aliyense timampatsa poncho (chovala chapulasitiki choteteza kunyowa) polowa, potuluka amaponya m'bini. Tsiku la anthu ambiri mabini amasefukira isanakwane 11 koloko. Tikumapana ndi baler, makina omangira mabelo, koma wogula amene amakasungunula pulasitikiyo wabweza lole kachiwiri. Akuti madzi achuluka, akutinso wapezamo PVC, mtundu wina wa pulasitiki. Ifetu timaoda a pulasitiki yofewa ya LDPE, nambala 4, zalembedwa pakatoni. PVC-yo ikulowera pati? Nanga inu mumaumitsa bwanji? Abwana akufuna yankho Lolemba.

mayi_wa_sikelo
Achimwene, PVC ikubwera ndi alendo. Ena amafika atavala zawo zogula kwina, zokhuthala zamabatani zija, n'kuponya m'bini yomweyo. Ikalowa m'makina osungunulira imatulutsa asidi wodya zitsulo, ndiye wogulayo musamuone ngati wovuta. Dulani kachidutswa, mukamize m'ndowa ya madzi. LDPE imayandama, PVC imamira. Koma muchotse kaye thovu la mpweya, apo ayi ikunamizani.

mkulu_wa_mashedi
Siyani zovala kamodzi n'kutayazi. Gulani majekete a mvula olimba, muzibwereketsa n'kumachapa. Ku Victoria Falls alendo amachita lendi, amabweza, nkhani yatha.

wa_forklift
Chonde musasunge belo lonyowa. Ife tinasiya mabelo asanu m'shedi milungu itatu kudikira lole. Tsiku lodula waya, mkati monse muli chuku, madzi akuda akuchucha, pakati penipeni thewera la mwana. Mnyamata wathu anasanza pomwepo, sanabwerenso mawa lake. Aliyense wosankha avale magolovesi, m'mabinimo mumapezeka mabotolo osweka.

wa_pa_geti
Akulu, za majekete ndinanena kale kumisonkhano, anakana. Palibe malo ochapira.

mkulu_wa_mashedi
Malo oyanikira ma poncho masauzande muli nawo, ochapira ndiye mulibe? Mukuvutika ndi chinthu choti mlendo wavala theka la ola basi.

mayi_wa_sikelo
Zoyanika pa mpanda musayese n'komwe. Ndinaona ndi maso anga, mphepo itabwera madzulo theka linathera mumtsinje, anyamata n'kumavuula ndi ndodo mpaka mdima. Ife tinasintha mabini, tinaika amawaya oboola pansi kuti madzi azikha okha, ndi munthu mmodzi woima pamenepo kulandira ndi manja n'kukutumula. Zinachepetsako, koma sizinaumiretu.

wa_pa_lamba
Ine ndili kumalo osankhira zinyalala. Akakukanirani musazithire m'bini ya mabotolo ndi zitini kuti zichoke pakhomo panu. Pulasitiki yopyapyala imakulunga mashafuti, zitsulo zozungulira zam'makina, lamba woyendetsa zinyalala amaima, timalowa ndi mipeni kukadula. Mnzanga anatsala pang'ono kutaya chala chifukwa wina anayatsa makina iye akadali mkati.

wa_forklift
Eee, zokhoma loko pa switch kuti wina asayatse makina munthu ali mkati, anthu amazitenga mopepuka. Kwanuko kiyi amasunga ndani?

mkulu_wa_mashedi
Jekete lochapa silikulunga shafuti ya munthu. Ndanena ine.