Refractometer ndigule kapena ndikungofuna kutaya ndalama?

Kamwala: Moni nonse. Ndili ndi miyala yobiriwira yopolisha kale yodzadza kabokosi, ndinagula yosakaniza yopanda mayina ndiye pano aventurine, serpentine ndi nephrite zikungooneka chimodzimodzi. Ndikuganiza zogula refractometer, makina ozindikirira mwala poyeza mmene kuwala kumapindikira mkati mwake, koma si yotchipa ayi. Amene muli nayo, imathandizadi?

Mtimawawa: Gulani chilichonse bola musamvere za ogulitsa! Ine wina anandigulitsa mkanda wonse akuti turquoise, buluu wokongola timizere takuda tili pompo, ndiye tsiku lina ndangoti ndipukuteko ndi kathonje konyowetsa acetone, thonje lonse buluu, mwalawo mbee kuyera. Howlite yopaka utoto! Pomufunsa akuti mwina ndasinthanitsa ndine. Anthu ena alibe chisoni ndithu, ndalama timazipeza movutika.

Kamwala: Pepani achimwene, koma funso langa ndi la makinawa

Mtimawawa: Ndi nkhani imodzi yomweyo

BwanaCabochon: Ine ndili nayo, kuphatikizapo polariscope (makina ena oyezera miyala ndi kuwala) ndi tochi ya UV, moti mwala ukafika pa tebulo langa sutenga nthawi ndadziwa kale dzina lake. Mumadontheza kadontho ka madzi ake pa galasi, kuika mwala, kusuzumira. Quartz imawerenga cha pa 1.54, nephrite 1.61, jadeite 1.66. Diso lingakunamizeni koma manambalawa ayi. Amene akufuna kuchita zinthu mwaukadaulo sangafunse nkomwe, amangogula.

Mayi_wa_Mikanda: Akulu mukuiwala kuwauza kuti miyala yawoyo ndi yobulungira, ilibe mbali yafulati. Pa yoteroyo mumadalira spot reading, kakadontho kamene mumakaona mkatimo, ndipo woyamba kumene amangoona chimbuuzi. Komanso madzi odontheza pa galasi aja, a 1.81, amanunkha, ndi poizoni, amatha, ndipo kabotolo kake ndi kodula. Galasi la makinawo ndi lofewa, quartz mukaikhwekhwereza pamenepo mwalikanda basi.

BwanaCabochon: Zimenezo ndi za osadziwa kugwiritsa ntchito mayi

Sikelo01: Mukuvutikiranji? Kasikelo kakang'ono ka digito kowerenga mpaka 0.01g, kapu ya madzi ndi ulusi, basi. Yezani mwala uli wouma mulembe. Ikani kapu ya madzi pa sikelo muibwezere pa ziro, mangani mwala ndi ulusi muuviike wonse koma usagunde pansi kapena m'mbali, mulembenso. Nambala yoyamba igaweni ndi yachiwiri, mupeza kulemera kwa mwalawo poyerekeza ndi madzi. Quartz imabwera 2.65, nephrite cha pa 2.95, jadeite imapitirira 3.3. Amethyst ndi fluorite yapepo zimasokoneza anthu ambiri koma apa zimasiyana poyera, fluorite ili cha pa 3.18. Onetsetsani kuti pamwala palibe tithovu ta mpweya chifukwa timasokoneza nambala.

Mayi_wa_Mikanda: Njira yabwino koma serpentine ndi aventurine zayandikana kwambiri, ina cha pa 2.6 ina 2.65, kamwala kakachepa simungasiyanitse

Sikelo01: Pamenepo ndiye mpeni. Serpentine yambiri imakandika ndi chitsulo, quartz ili pa 7 pa muyeso wa kulimba wa Mohs, mpeni umangoterereka

Kamwala: Ndikande mwala umene wakhala masabata mu tumbler, makina opolishira, kuti usalale chonchi?? Ayi zikomo

Diso_la_Nkhwazi: Osakanda. Tengani loupe ya 10x (kagalasi kokulitsa zinthu) ndi tochi ya foni, muunike chammbali uku mukutembenuza mwalawo pang'onopang'ono. Mu aventurine muona tinthu tonyezimira tating'onoting'ono, ndi fuchsite imeneyo, ndi imene imapereka mtundu wobiriwirawo. Serpentine kuwala kwake ndi kwa ngati kandulo, poigwira imamveka ngati yamafutamafuta. Ndipo mukaona palembedwa "new jade" dziwani kuti ndi serpentine, dzinalo ndi lokopera ogula.

Mtimawawa: Mwaona? Akuba okhaokha! New jade new jade chiyani

Tchipa_Tchipa: Refractometer si yodulanso masiku ano, pa intaneti zadzadza. Yanga ndinagula motchipa zedi ndipo ikugwira bwinobwino

BwanaCabochon: Zotchipazo ndi zidole. Mwaiyesapo pa quartz yodziwika kuti muone ngati ikuwerenga zoona?

Tchipa_Tchipa: Ndinayesa, 1.54 yomweyo. Inu munangolipira dzina

BwanaCabochon: Tikumane pakatha chaka

Buluu22: Poti mwasonkhana akatswiri, lapis ndi sodalite mumasiyanitsa bwanji? Ndili ndi iwiri ikundizunguza mutu

Diso_la_Nkhwazi: Lapis nthawi zambiri imakhala ndi timadontho ta pyrite tooneka tagolide, sodalite imakonda mizere yoyera ndipo ndi yopepuka, cha pa 2.3

Sikelo01: Sikelo yomwe ija!

Mayi_wa_Mikanda: Achimwene a Kamwala, ngati mumagulitsa kapena mukufuna kuyamba kudula ma facet (mbali zafulati pa mwala) gulani, idzabweza ndalama yake. Ngati ndi yongosunga m'kabokosi, ndalamayo gulirani grit, mchenga wopolishira mu tumbler.

Tchipa_Tchipa: Gulani yotchipa muphunzirirepo, ikakandika mtima suwawa

Kamwala: Nanga sikelo yowerenga 0.1g yokha ingagwire? Ndi imene ndili nayo

Sikelo01: Pa miyala ikuluikulu eya, pa ting'onoting'ono ikunamizani