Kaufa kotsekemera kopanda dzina aka, ndiziika m'mafilizesi a ana?

Admin ndibiseni dzina chonde. Ndimakhala pa Ngabu, bizinesi yanga ndi mafilizesi a malambe ndi a bwemba. Ndimagulitsa pa geti la sukulu nthawi ya buleki, zotsala ndimakamalizira ku depoti. Amene mumalidziwa dzuwa la kuno mu Okutobala simungafunse ngati malonda amayenda.

Vuto ndi shuga. Nzimbe tikuziona ndi maso pa Nchalo pomwepa, koma paketi pa golosale yakwera moti phindu lonse likuthera momwemo. Ndiye mnzanga anandilozera bambo wina wobwera tsiku la msika, amagulitsa kaufa koyera m'timajumbo tomanga mfundo, popanda cholembedwa chilichonse. Ena akuti ndi switina, ena akuti shuga wa ku Mozambique. Kansonga ka supuni kokha, ndowa yatsekemera. Koma ukameza pamatsala kakuwawa kumbuyo kwa lilime, ndipo madzi ake akadonthera pansi nyerere sizibwera n'komwe. Ana amene amandigulawa ena ndi a Sitandade 1. Kodi sindikuwapweteka? Komanso bambo anga ali ndi matenda a shuga, akuti ndiwapatseko aziika mu tiyi. Odziwa ndithandizeni.

Mayi a Junior: Achemwali tonse ogulitsafe tikuika zomwezo, palibe mwana anafapo. Osamaopa zilizonse.

Mnyamata wa Kabaza: Chimene nyerere yakana inu mukupatsa mwana wa eni? Kkkk

Wa ku Famase: Mayi, nyererezo zisakuopseni, zimalondola chakudya ndipo mu ufawo mulibe chakudya, n'chifukwa chake zikudutsa. Zotsekemeretsa zilipo zamitundu ingapo: saccharin, aspartame, sucralose, cyclamate. Kakuwawa mukunenako kamadziwika kwambiri ndi saccharin, amene amatsekemera kuposa shuga pafupifupi ka 300, koma sindingalumbire pa chinthu chongomva ndi lilime la munthu wina. Pamenepo ndi pomwe pali nkhani. Chilichonse mwa zimenezi chili ndi mlingo wake pa tsiku, molingana ndi sikelo ya munthu. Akatswiri a WHO ndi FAO, mabungwe a dziko lonse oona za umoyo ndi za chakudya, anaika saccharin pa 5 mg pa kilo iliyonse ya thupi, aspartame pa 40 mg. Mwana wa makilo 20 ndiye kuti malire ake a saccharin ndi 100 mg, kaufa kochepa kwambiri. Fakitale imayeza ndi sikelo, inu mukuyeza ndi nsonga ya supuni, ndipo mwana mmodzi kukatentha amayamwa atatu kapena anayi. Mwina simukupyola mlingo, mwina mukupyola. Inu simudziwa, bambo ogulitsawo sadziwa, ndipo sitikudziwanso ngati sanasakanize ndi zina. Ngati mwatsimikiza zochepetsa shuga, gulani za m'paketi yolembedwa dzina la mankhwalawo, amene anapanga ndi tsiku lothera ntchito.

Nambewe: Koma ndinamva pa wailesi kuti aspartame amayambitsa khansa?

Wa ku Famase: A Nambewe, mu Julaye 2023 nthambi ya WHO yoona za khansa inamuika m'gulu la zinthu zomwe mwina zingayambitse khansa, umboni wake uli wochepa. Mwezi womwewo komiti yoona za mlingo inasiya 40 mg uja osasintha. Ndiye si poizoni wogwetsa munthu pompo, komanso si chinthu chomwera mwana tsiku ndi tsiku ngati madzi.

HSA wa ku Bangula: Ine ndionjezepo ziwiri zimene anthu saziganiza. Shuga wa m'paketi wopangidwa muno m'Malawi anayamba kuikidwa vitamini A mu 2012, mafuta ophikira nawonso amaikidwa vitamini A, ndipo mchere wa m'paketi uli ndi ayodini. Sindikunena kuti ana azimwa shuga wambiri, mano amaola ndithu. Koma mwana wochoka kunyumba osadya phala, filizesi wa shuga weniweni amampatsako kamphamvu, wa switina amangonamiza pakamwa.

Chachiwiri ndi chimene chimandidetsa nkhawa. Ufa umenewu ukazolowereka m'nyumba, tsiku lina mwana adzatsegula m'mimba usiku Thanzi palibe, mayi n'kusungunula mchere ndi switina poganiza kuti ndi chimodzimodzi. Sizigwira ntchito. Matumbo amakoka mchere ndi madzi mothandizidwa ndi shuga weniweni. Wopanga kunyumba ndi lita imodzi ya madzi abwino, masupuni ang'ono 6 a shuga osasefukira, theka la supuni yaing'ono ya mchere, kukacha kuchipatala akalandire Thanzi ndi zinki.

Mayi a Junior: A HSA zolankhula n'zosavuta. Mutigulira shugayo ndinu?

Gogo wa pa Tengani: Mwana wanga, malambe ndi bwemba n'zowawasa, n'chifukwa chake zimadya shuga. Viika malambe m'madzi ofunda pang'ono, usawiritse, vitamini C amene ali mmenemo sagwirizana ndi moto. Mango akapsa finyiramo, shuga udzaika theka. Ndipo kalala wofiira ndi wachikasu uja siya, malambe ali ndi mtundu wake kale.

Wolemba funso: Zikomo nonse. Nanga za bambo anga palibe wayankha.

Wa ku Famase: Kwa bambowo, zotsekemeretsa zodziwika sizikweza shuga m'magazi monga amachitira shuga wamba, ndiye timapiritsi tolembedwa bwino ta mu tiyi angagwiritse ntchito, koma afunse kaye ku kiliniki komwe amalandira mankhwala. Za m'jumbo ayi. Ndipo musachotseretu shuga m'nyumba. Ngati akumwa glibenclamide kapena kubaya insulin, tsiku lina shuga angatsike, n'kuyamba kunjenjemera ndi kutuluka thukuta. Pamenepo chofunika ndi shuga weniweni m'madzi, switina sangawadzutse.

HSA wa ku Bangula: Mayi, funso lina lomwe simunafunse: madzi a mafilizesiwo mukutunga kuti? Firiji sichotsa majeremusi onse, ndipo kolera ya 2022 kuno inatipeza. Thirani klorini, dikirani mphindi 30 musanasakanize. Pomanga timapepalato osatsegula ndi mpweya wa pakamwa.

Wolemba funso: Pa mjigo, a HSA. Klorini timalandira nthawi ya mvula yokha. WaterGuard sangasinthe kakomedwe ka malambe?