Inverter ikungolira nkuzima mgalimoto yogonamo, vuto nchani?

WaHiace: Akuluakulu thandizeni. Hiace yanga ndinaikonza kukhala yogonamo, bedi kumbuyo, batire yachiwiri ya 12V, inverter ya 1500W (yosintha moto wa batire kukhala wa m'nyumba) ndinaiika mkabati kunsi kwa bedi. Ku Lilongwe imagwira bhobho koma tikangofika ku Cape Maclear dzuwa la Okutobala lija imalira piii nkuzima, kuikhudza ngati mbaula. Ndimalumikizako firiji yapanyumba, laputopu ndi ketulo m'mawa. Nditaye ndigule ina?

Wamagetsi_Joni: Achimwene musataye kaye, ikuzima dala kuti isapse. Inverter sisintha moto onse kukhala 230V, penapake 10 mpaka 15 pa 100 aliyense umasanduka kutentha mkati mwake, nde mukamakoka 1000W ndiye kuti 100W ndi kuposa ikungotenthetsa kabati yotseka ija, fani ikungozunguza mpweya otentha omwewo. Komanso nambala amalemba pabokosi ija amayezera pa 25°C, a Victron, kampani yopanga ma inverter, amachita kulemba okha kuti Phoenix 12/1200 imapereka 1000W pa 25°C koma pa 40°C ndi 850W basi, nanga galimoto yoima padzuwa kunyanja mawindo otseka 40 imachedwa kukwana ngati? Itulutseni inverteryo mkabatimo, kapena boolani kabatiyo pansi ndi pamwamba, zovala zichoke pafupi, fumbi la pa fani mupopele.

MayiWaGasi: Koma ketulo abale kkkk. Ambiri amadya 2000W, pa 12V amenewo ndi ma amp opitilira 160, ndipo 1500W yanuyo taonetsetsani mwina ndi peak ya masekondi ochepa, continuous, mphamvu yomwe imapereka osalekeza, ili theka lake. Tiyi wiritsani pa gasi bambo.

Wamagetsi_Joni: Zoona mayi. Chinanso mawaya, ambiri amangogwiritsa timawaya tobwera mubokosi tija. Pa 1500W pamafunika 35mm² kapena 50mm², aafupi, fyuzi pafupi ndi batire, manati omanga zolimba. Waya akachepa volteji imagwa, inverter imakoka ma amp ambiri nde imatenthanso zedi. Ndipo isakhale kabati imodzi ndi batire ya asidi, imatulutsa mpweya wa hydrogen potchaja, ka spark kamodzi mwayatsa.

Mzungulidziko: Ine nkhani yanga ndi firijiyo. Ngati inverter yanu ndi modified sine, ija moto wake sukhala osalala ngati wa ESCOM, kompresa imalira moipa ndi kutentha, ndipo poyamba kuzungulira imakoka moto ochuluka kangapo kuposa olembedwa. Ma firiji a 12V ngati Engel kapena National Luna amalowa pa batire direct, odula inde koma inverter imapuma usiku onse.

WaHiace: Ndasuzumira pansi pake, palembedwa modified sine, continuous 750W eti. Mawa ndikuichotsa mkabati. A Joni, fyuzi ndiike ya ma amp angati pa waya wa 35?

Wamagetsi_Joni: Pa 750W ya 100A ikwana, muimange pa waya ofiira pafupi penipeni ndi batire.