Seva ya kaunjika ija ndigule, kapena ndingogawa ma core a yomwe ilipo?

Mphatso:
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru ndisanapite kwa abwana kukapempha ndalama. Ku ofesi kwathu kompyuta imodzi ndiyo imanyamula zonse: database ya PostgreSQL, pulogalamu ya ma teller yolandirira ndi kuperekera ndalama za mamembala, komanso malipoti. Processor yake ndi i5-10400, ma core 6 (tizigawo ta processor togwira ntchito patokha), ma thread 12, ndipo ikuyendera Linux ya Ubuntu 22.04. Masiku wamba ilibe vuto. Koma kumapeto kwa mwezi akauntanti akangoyamba kutulutsa malipoti, ma teller amangoyang'ana sikirini ikuzungulira, mzere mpaka pakhonde. Ndiye pali mkulu wina akugulitsa Dell R720 ya kaunjika, ma Xeon E5-2650 v2 awiri, ma core 16 onse pamodzi. Ndi yoyenera kuitaya ndalama?

Yamikani:
Aise gula, usachedwe nayo. Ma core 16 kuyerekeza ndi 6, pali zokambirana apa? Komanso imeneyo ndi seva yeniyeni, ili ndi iDRAC yoiyendetsera uli kutali, ma power supply awiri, RAM ya ECC yodzikonzera zolakwika. Osati kakompyuta kokhala pansi pa tebulo komwe woyeretsa amakagunda ndi mopu.

Madala Kondwani:
Yamikani, ukuwerenga ma core ngati mbuzi m'khola. Xeon imeneyo ndi ya 2013, imayamba pa 2.6 GHz kukafika 3.4. I5 ya Mphatso ndi ya 2020, imafika 4.3 GHz, ndipo kapangidwe kake ndi katsopano. Teller mmodzi akadina batani, funso lakelo limayenda pa core imodzi. Pa Dell ija akhoza kumadikira nthawi yaitali kuposa lero tsiku loti kulibe malipoti.

Vuto lomwe wafotokoza iwe Mphatso silakuchepa kwa ma core ayi, ndi loti ntchito imodzi ikulanda zonse. Ndipo Linux ili kale ndi chida cha zimenezi, chaulere. Chimatchedwa cpuset. Chinalowa mu kernel 2.6.12 mu 2005, anachikonza Simon Derr wa ku Bull ndi Paul Jackson wa ku SGI pofuna makina akuluakulu a ma processor ambirimbiri. Kenako anyamata a ku Google, Paul Menage ndi Rohit Seth, anabwera ndi cgroups, njira yoika ma process (mapulogalamu omwe akuthamanga) m'magulu, yomwe inalowa mu 2.6.24 mu 2008, cpuset n'kukhala mbali imodzi ya iyo. Umangonena kuti gulu ili la ma process lizithamanga pa ma core awa okha, kwinako lisapondeko. Ubuntu 22.04 ili pa cgroup v2, ndiye sufunikanso kulemba pamanja mu /sys/fs/cgroup. Systemd, yomwe imayendetsa ma service pa Ubuntu, ili ndi AllowedCPUs= kuyambira version 244. Ukalemba

systemctl set-property malipoti.service AllowedCPUs=4,5,10,11

ndiye kuti malipoti awatsekera pa ma core awiri, ma teller atsala ndi anayi.

Mphatso:
Madala, bwanji 4,5,10,11? Ndimaganiza kuti mukanati 8 mpaka 11.

Madala Kondwani:
Apo ndi pomwe ambiri amagwera. Manambala 12 omwe ukuwaona mu htop, pulogalamu yoonetsa ntchito ya processor, si ma core 12 koma ma thread. Core iliyonse ili ndi ma thread awiri, ndipo pa Intel nthawi zambiri 0 ndi mnzake wa 6, 1 ndi mnzake wa 7, mpaka 5 ndi 11. Ukapereka 8 mpaka 11, wapereka theka la ma core anayi, ndipo theka linalo ali nalo ma teller, akulimbiranabe core yomweyo. Lemba lscpu -e uone mzere wa CORE, usangokhulupirira za ine.

Tiwonge:
Madala, ulemu wanu, koma lamulo mwaperekalo silithandiza kanthu pa nkhani ya Mphatso. Pulogalamu ya malipoti imangotumiza funso n'kukhala pansi kudikira. Ntchito yolemera ikuchitikira mkati mwa PostgreSQL. Connection iliyonse imabala process yakeyake, koma process imeneyo imabadwira mu cgroup ya PostgreSQL, osati ya malipoti.service. Ndiye mwamanga amene watumiza kalata, wogwira ntchitoyo ali momasuka pa ma core onse pamodzi ndi ma teller. Mukamanga PostgreSQL yonse, mwamanganso ma teller omwewo.

Yamikani:
Mwaona? Ndiye kuli bwino kugula basi, malipoti akhale pa makina awoawo.

Tiwonge:
Dikira kaye achimwene. Njira zilipo ziwiri zisanafike ku ndalama. Yoyamba ndi yophweka: Ubuntu 22.04 imabwera ndi PostgreSQL 14, yomwe imagawa funso lalikulu kwa ma worker angapo. Mwachibadwa max_parallel_workers_per_gather ili pa 2, kutanthauza kuti lipoti limodzi litha kudya ma process atatu. Akauntanti akatsegula malipoti anayi nthawi imodzi, ma thread onse 12 apita. Upatse malipoti user wakewake, kenako

ALTER ROLE malipoti SET max_parallel_workers_per_gather = 0;

Lipoti lizichedwerako, koma limodzi lizidya thread imodzi.

Yachiwiri ndiyo imagwirizana ndi maganizo a madala. Upange cluster yachiwiri, kutanthauza PostgreSQL ina yoyenda payokha, pa makina omwewo ndi pg_createcluster, ikhale replica (kope la database) yowerengera chabe, malipoti azipita kumeneko. Popeza pa Ubuntu cluster iliyonse ili ndi service yake, postgresql@14-main ndi inzake, pamenepo AllowedCPUs igwira ntchito ndithu. Koma mtengo wake ndi RAM ndi malo a pa disiki, chifukwa deta yonse yakhala kawiri.

Madala Kondwani:
Za replica ndagwirizana nazo, mayi. Ndi mmene anthu amachitira.

Chisomo ku Joni:
Ine ndingowonjezera kuti sindikonda cpuset pa makina aang'ono chonchi. Ukapatula ma core awiri, ukuti malipoti sangapitirire pamenepo ngakhale usiku ma teller onse ali kunyumba, ma core anayi akungokhala. Pali cpu.weight, mu systemd ndi CPUWeight=. Aliyense amayamba ndi 100, ndipo utha kuika kuyambira 1 mpaka 10000. Ma teller uwapatse 1000, malipoti 50. Pakakhala kulimbirana ma teller amapambana, pakakhala phee malipoti amatenga zonse. Kwa ine cpuset ndi ya anthu omwe sakufuna ngakhale kadodoma ka millisecond imodzi, monga a matelefoni kapena ojambula mawu. Iwo ndi omwe amafika mpaka pa cpuset.cpus.partition, yomwe inabwera ndi kernel 5.0, kuti ma core ena akhale awo okha. Teller sangamve kusiyana kumeneko.

Chomwe ndingakuletse ndi CPUQuota, yomwe pansi pake ndi cpu.max. Ija imapereka gawo la nthawi pa ma millisecond 100 aliwonse, likatha process imaimitsidwa mpaka nyengo yotsatira, ngakhale ma core ali chabe. Pa database yomwe yagwira lock, kutseka deta kuti ena adikire, zimapweteka ena onse.

Mphatso:
Mutu wanga wazungulira tsopano. Aliyense ali ndi mankhwala ake.

Tiwonge:
Chifukwa tonse tikupereka mankhwala tisanamuyeze wodwala. Mphatso, disiki yake ndi yotani?

Mphatso:
Hard disk wamba, 1 TB, 7200 rpm. Yomwe inabwera ndi kompyutayo.

Tiwonge:
Ndiye mwina tangotaya malovu pa ma core. Lipoti la mwezi limawerenga matebulo athunthu, mutu wa disiki uli kalikiliki uku ndi uku, pomwe teller aliyense akasunga ndalama PostgreSQL imadikira kuti WAL, kaundula wake wa zosintha zonse, ilembedwe pa disiki yomweyo isananene kuti zatheka. Mutha kugawana ndowa bwinobwino, koma mjigo ndi umodzi. Cpuset imagawa ma core ndi ma memory node okha basi. Disiki, L3 cache ndi njira ya ku RAM zimakhalabe za onse. Panga chonchi: thamangitsa lipoti la mwezi watha pompano, kenako uone /proc/pressure/cpu ndi /proc/pressure/io. Mafayilo amenewa alipo kuyambira kernel 4.20, amakuuza gawo la nthawi yomwe ma process akhala akudikira chinthu chilichonse. Uonenso nambala ya wa mu pulogalamu ya top, yoonetsa nthawi yomwe CPU ikungodikira disiki.

Mphatso:
Ndayesa. Avg10 ya cpu, avareji ya masekondi 10, sinasunthe kwenikweni, ma thread ambiri ali chabe. Ya io ndiyo yakwera koopsa, ngakhale mzere wa full, woonetsa nthawi yomwe ma process onse ofuna kugwira ntchito aima kudikira, ndipo wa naye ali m'mwamba mpaka lipoti kutha.

Madala Kondwani:
Basi nkhani yatha. SSD, ndi RAM yowonjezera kuti deta yambiri izikhala mu cache. Ndalama yake siingafike n'komwe pa ya Dell ija. Ukatero disiki ikasiya kuchedwetsa, malipoti adzayamba kudya CPU zenizeni, ndipo pamenepo ndi pomwe udzafune zija takambazi.

Yamikani:
Sinathe madala. Nonse mukukamba za liwiro, palibe akukamba za tsiku lomwe kompyutayo idzafe. Ndalama za mamembala zili pa disiki imodzi yopanda RAID, ilibe inzake yosunga kope la deta. Replica ya achemwali Tiwonge ili m'bokosi lomwelo, motherboard ikapsa zonse zapita limodzi. Palibe AllowedCPUs yomwe ingakupulumutse pamenepo.

Chisomo ku Joni:
Apa Yamikani wanena zoona, makina achiwiri akufunika. Koma akhale R720? Ma Xeon awiriwo ndi 95 W iliyonse, i5 ndi 65 W, osawerengera mafani ndi ma disiki. Magetsi akathima Mphatso amadalira mabatire, ndiye afunse kaye kuti inverter yawo ipirira maola angati. Phokoso lakenso silokhala nalo chipinda chimodzi ndi makasitomala. Ndipo ya ma socket awiri ili ndi NUMA, processor iliyonse ili ndi RAM yake: ukamagawa ma core uyeneranso kuganiza za cpuset.mems yogawira RAM, apo ayi process ili pa processor iyi koma RAM yake ili kwa inayo. Ndi ntchito yowonjezera kwa munthu yemwe ali yekha ku IT. Kadesktop kachiwiri ngati komwe alinako kangakwane kukhala replica, malipoti n'kumachokera komweko.

Yamikani:
Desktop ilibe ECC.

Tiwonge:
Yomwe ikuyendetsa ofesi panopa nayo ilibe, ndipo sitinamve kuti ndilo dandaulo la ma teller.

Mphatso:
Chabwino. Kwa abwana ndikapempha SSD ziwiri za mirror, zosunga deta yofanana, ndi RAM mwezi uno, desktop yachiwiri ndiika mu bajeti yotsatira. ALTER ROLE ndipanga lero. Yamikani, ngati Dell ija yakugwira mtima ndikutumizira nambala ya mkuluyo ku inbox.

Yamikani:
Tumiza. Ndikufuna yoikapo Proxmox kunyumba, pulogalamu yoyendetsa makompyuta angapo mkati mwa seva imodzi. Umufunsiretu ngati ma caddy olowetsera ma disiki alipo, komanso ngati batire ya RAID controller idakali yamoyo, chifukwa zimenezo kuzipeza padera kuno ndi mavuto.